Chipsera cha pa Mkono wa Nelsa

Ndinali m'madzi ofika m'mawondo, ndikuvuula chinangwa chomwe ndinaviika Lachisanu lapitalo, pamene Nelsa anabwera akuthamanga kuchokera ku eskola. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Mwana akabwera nthawi imeneyo ndiye kuti wathamangitsidwa kapena wadwala, ndipo ine ndinalibe mphamvu ya chilichonse mwa ziwirizi.

"Wapalamula chiyani?"

"Palibe, amama. Taweruka msanga. Kwabwera birigada."

Birigada ndi anthu a chipatala amene amayenda pa boti m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno, poti msewu wathu umadziwa mbuzi zokha. Amabwera kawiri kapena katatu pa chaka, ayeze ana sikelo, awayang'ane maso ndi mano, awamwetse mankhwala a njoka za m'mimba, basi apite. Sindinaone chothamangira. Ndinamuuza kuti avule yunifolomu adzagwire beseni.

Sanasunthe. Anali akumwetulira mano onse pamtunda.

"Anatiimika pamzere, aliyense apinde malaya. Enifelimeru, namwino wawo uja, amayang'ana chipsera cha vasina, katemera uja wa pamkono. Atafika pa ine anaima. Anandikweza pa benchi, amama! Akuti, 'Onani nonse, chipsera chabwino ndi ichi. Mayi wa mwana uyu anagwira ntchito yake.' Eskola yonse inawomba m'manja. Agogo analulutira."

"Agogo ako akutani kumeneko?"

"Akufoletsa ana, pamodzi ndi amayi a mpingo."

Chinangwa chinanditerereka m'manja n'kubwerera m'madzi. Ndinachisiya.

"Nanga akuyang'aniranji zipsera chaka chino?"

"Chifukwa cha a pulofesola Reinaldo, aphunzitsi athu. Si anachoka mwezi watha aja? Akuti awapeza ndi chifuwa chachikulu. Ndiye a m'kalasi mwathu opanda chipsera awalemba papepala, awapatsa timabotolo tolavuliramo."

"Iwe sanakulembe?"

"Andilembe bwanji, changa chitaposa cha onse?"

Anaseka, ndipo kusekako kunadzutsa chifuwa. Anawerama, manja pamawondo, n'kutsokomola mpaka misozi. Ndinadikira kuti amalize. Panapita nthawi.

"Unatsokomola choncho pamaso pawo?"

"Ayi. Si munati ndikakhala pagulu ndizimeza? Ndinameza."

Ndinanenadi. Chifuwacho chitayamba ndinamuphikira mandimu ndi masamba a bulugamu, ndi kumuuza kuti asamatsokomole m'tchalitchi kapena m'kalasi, chifukwa kuno mwana akatsokomola kawiri anthu amayamba kuwerenga nthiti za atate ake. Mwana wanga ndi womvera. Ndi vuto lake limenelo.

Tsopano ndinene za chipseracho, poti ndi zimene ndakhalira pansi kulemba.

Nelsa anabadwira m'nyumba, mwezi wa Fevereru, mitsinje itadzaza. Posito yathu ya chipatala ili maola anayi wapansi, ndipo pali mitsinje iwiri yowoloka. Ndinapita naye ali ndi masabata awiri. Tinapezeka amayi atatu okha. Anatiuza kuti botolo la vasina wa chifuwa chachikulu silitsegulidwira ana atatu, chifukwa likatsegulidwa liyenera kutha tsiku lomwelo, ndiye tibwere Lachitatu linalo. Lachitatu linalo ndinapita, ndinapeza chitseko chotseka, wobaya atapita ku msonkhano. Ulendo wachitatu ndinanyamuka bwinobwino m'mamawa, mwana kumbuyo, mbatata m'nsalu. Nditafika pa mtsinje woyamba ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuti ndimuyamwitse. Ndinagona. Nditadzuka mthunzi unali utatembenuka.

Ndikanatha kunena kuti mtsinje unali wosawolokeka. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudziuza choncho. Koma amayi ena anawoloka ine ndikuona, madzi ali m'chiuno. Ndinatopa basi. Palibe china.

Ndinabwerera kunyumba n'kunena kuti amubaya, khadi lagwera mumtsinje.

Apongozi anga, a Eugénia, agogo ake a Nelsa, si munthu womuuza chinthu n'kuthera pomwepo. Anabereka ana asanu ndi atatu ndipo onse anawanyamula kupita nawo ku vasina, nkhondo ili mkati, ndipo nkhani imeneyi aliyense kuno anaimva kangapo. Amadziwa kuti pamene abaya pamatupa, pamatuluka mafinya, kenako pamatsala chipsera. M'mawa uliwonse ankavundukula kamkono ka Nelsa. "Bwanji sipakutupa? Mwana wa Gina patuluka kale mafinya." Sabata yachinayi anayamba kunena zoti tipitenso limodzi akafunse.

Lamulungu lina onse atapita ku misa ndinatsala, ndinati mutu. Ndinatenga msomali m'chitini cha amuna anga a Teodoro, mwa ija amakonzera boti. Ndinauika pa makala mpaka mutu wake unafiira. Ndinapanira mwana pakati pa mawondo.

Chilondacho chinatupa, chinatuluka mafinya, chinapola. Apongozi anakhutira. Birigada itabwera chaka chimenecho, munthu wolemba anayang'ana mkono, n'kundipatsa khadi latsopano atachonga kale. Vasina ena onse Nelsa analandira, palibe amene ndinadumphitsa. Koma woyamba uja, wa matenda omwewa a pulofesola wake, analandira msomali.

Ndinatuluka m'madzi.

"Boti lawo lanyamuka?"

"Ayi, koma akulongedza. Woyendetsa akuti mwera ukudzuka."

"Tiye."

"Nanga chinangwa?"

"Ndati tiye."

Sindinasinthe nsalu. Amene anavuulapo chinangwa akudziwa fungo lake, limafika munthu asanafike. M'njira ndinkakonza mawu. Ndikangonena kuti mwana akutsokomola, amupatse kabotolo, tibwerere. Za msomali palibe angafunse. Ndinabwereza mawuwo kangapo, Nelsa akudumphadumpha patsogolo, dzanja la malaya akadali chipindire kuti aliyense wokumana naye aone.

Pa eskola ana ambiri anali atabalalika. Pansi pa mtengo panali tebulo, sikelo, ndi mabokosi atatu, awiri omangidwa kale. Amayi a mpingo anali atakhala pa benchi ndi nsalu zawo zabuluu, akudya mtedza. Gina ndiye anayamba kundiona. Gina tinakulira limodzi, ndipo pakamwa pake sipanakule.

"Eee, wabwera mayi wachitsanzo! Luísa, wamva kuti kuli mendulo?"

"Akanasamba kaye," anatero wina. "Mendulo ichita dzimbiri."

Anaseka onse. Apongozi sanaseke, koma nkhope yawo inali yowala mwa mtundu umene sindinauonepo chikwatiwire. Anadzuka, anandigwira dzanja, fungo ndi fungo lomwelo, n'kundikokera ku tebulo.

"A enifelimeru, mayi wake uja ndi uyu. Mkazi wa mwana wanga. Anayenda katatu, mvula ili pamutu."

Enifelimeruyo dzina lake Rachide, bambo wamfupi wa imvi za m'mbali, wolankhula Chinyanja chonunkhira Chiyao. Anasiya kumanga bokosi n'kundipatsa moni wa manja awiri.

"Mama, mukanakhala khumi m'mudzi uno ine ndikanapuma ntchito."

Ndinayang'ana pansi. Iwo anayesa ulemu.

"A enifelimeru, mwanayu akutsokomola."

"Uyu? M'mawa monse sindinamumve."

"Amameza."

"Amameza," anabwereza, akuseka pang'ono. "Mama, nyengo ya mwera ino ndi mwana uti sakutsokomola? Ine ndemwe ndikutsokomola. M'patseni madzi ofunda, azivala juzi. Chikapitirira mubwere naye ku posito, kapena tidzamuona tikadzabweranso."

"Mudzabweranso liti?"

"Mafuta a boti akapezeka. Mwina mwezi wa Outubru."

"M'patseni kabotolo."

Anapukusa mutu. Anatsegula bokosi kundionetsa. Munali timabotolo tambiri tolembedwa maina, ndi tiwiri topanda kanthu.

"Tatsala tiwiri, ndipo mudzi wina ukutidikira. Ndikuyamba ndi ana amene alibe chowateteza chilichonse. Wanuyu analandira vasina ali khanda, khadi lake ndaliona, mkono ndauona. Si kuti vasina amatseka khomo lonse ayi, koma pogawa zochepa timayamba ndi amene ali pabwalo."

Kunyanja woyendetsa boti anaimba mluzu, n'kukuwa kuti akachedwa agona pompano ndipo iye sanabwere ndi bulangeti.

"Luísa, usawatopetse alendo," anatero apongozi. "Mwanayu ndi wotetezedwa. Wamva okha anena."

A Rachide anatseka bokosi. Anakoka lamba wa bokosilo. Ndinaona lambayo akulowa m'chitsulo, ndipo ndinamva Nelsa kumbuyo kwanga akulimbana ndi pakhosi, akumeza, akumeza, monga ndinamuphunzitsira.

"Sanalandire," ndinatero.

"Mwati?"

"Vasinayo sanalandire."

Mtedza unasiya kusweka pa benchi.

"Mama, chipsera chili apa."

"Ndi cha msomali."

Ndinapitiriza ndekha. Ndinanena zonse, mtengo wa mango, tulo, chitini cha a Teodoro, makala. Sindinalire. Ndikanalira mwina zikanapepuka, koma ine misozi imabwera pa zinthu zopanda pake, monga mbale ikasweka. Ndinalankhula ngati ndikuwerenga mndandanda wa zogula, maso ali pa lamba wa bokosi. Mawu anga ndinkawamva akupita mpaka ku khonde la kalasi, kumene aphunzitsi awiri anali ataima.

A Rachide anagwada. Anagwira mkono wa Nelsa n'kuutembenuzira ku dzuwa. Anayendetsa chala pa chipseracho, anachikanikiza m'mbali. Ananena mawu ena a Chipwitikizi amene sindinawamve, ndipo sindikuganiza kuti anali a m'pemphero.

"Chozungulira bwino kwambiri," anatero pomaliza, motsitsa. "N'chifukwa chake ndinachikonda. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikuyang'ana mikono, lero ndakweza msomali pa benchi, ana mazana awiri akuwomba m'manja."

Gina anaphulika kuseka, kenako anadzitseka pakamwa ndi nsalu. Palibe anamutsatira.

Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Ndinkafuna andikalipire, kuti zithe. Koma anamasula lamba, anatulutsa kabotolo, anafunsa dzina lonse la mwana n'kulemba. Mawu awo anasintha, anakhala a ntchito, ndipo sanandiyang'anenso kumaso.

"Chifuwa chayamba liti?"

"Masabata atatu."

"Anayi," anatero Nelsa. Anali mawu ake oyamba.

"Amatuluka thukuta akagona?"

"Mphasa imanyowa."

"Kudya?"

"Amasiya."

"Ndipo inu munamuuza kuti azimeza."

"Ndinamuuza."

Anamukweza pa sikelo, n'kuyerekeza ndi zimene analemba ulendo watha. Anakoka mpweya m'mano. Anaika chomvera chawo pamsana pake, apa, apa, ndi apa, akumuuza kuti apume kwambiri. Kenako anati, "Tsopano tsokomola, mwanawe. Usameze. Tsokomola chonse chimene wasunga." Nelsa anandiyang'ana kaye ine. Ndinagwedeza mutu. Anatsokomola mpaka amayi a pa benchi anasendera kumapeto, ndipo ndinaona mmodzi akukokera kamdzukulu kake kuseri kwa nsalu.

Anapita naye kuseri kwa kalasi kukalavula. Ine ndinatsala ndi apongozi.

Anali ataima pomwe ndinawasiya. Kuwala kuja kunali kutachoka. Anavula mpango wa mpingo, anaupinda, anaupindanso.

"Tsiku lija ndinakuphikira phala," anatero.

"Munandiphikira, amama."

"La mpunga. Ndinathira shuga wa pa Pasaka. Ndinati mwana wa eni wayenda mtunda wautali, miyendo yatupa. Ndinakuthowa mapazi ndi madzi otentha."

"Munandithowa."

"Iwe utagona pa mango."

Akanandimenya ndi mpangowo ndikanathokoza.

"Ukanandiuza kuti watopa, sindikanamubereka ine?"

"Mukanamubereka. Ndipo mudzi wonse ukanamva kuti munamubereka."

Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena zimenezo. Zinali zoona, koma silinali tsiku langa lonena zoona za anthu ena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuka kukakhala pa benchi, kumapeto, paokha.

A Rachide anabwera ndi kabotolo, anakakulunga n'kukaika m'bokosi lozizira.

"Kunyumba kuli ana ena?"

"Mng'ono wake, wa zaka ziwiri. Amagona mphasa imodzi."

"Kuyambira lero asiyane mphasa, ndipo mawindo muzitsegula. Wamng'onoyo chipsera chake?"

"Chenicheni. Ameneyo ndinawoloka."

"Tikaone kaye," anatero Gina chapansipansi. "Mwina ndi cha supuni."

"Gina, tseka pakamwa," anatero apongozi, osatembenuka.

A Rachide analemba kapepala n'kundipatsa. "Vasina uja ndi wa makanda, pano sitingabwezere m'mbuyo. Chofunika ndi kudziwa chimene chili m'chifuwamu. Lachisanu mubwere ku posito ndi ana onse awiri, ndi bambo awo ngati ali kumtunda. Ngati ndi matendawo, mankhwala alipo, ndi aulere, ndipo ana amachira. Koma ndi a miyezi isanu ndi umodzi, tsiku ndi tsiku, ndipo mudzayenda ulendo umenewo kambirimbiri." Apa ndi pamene anandiyang'ana. "Pa njirayo mitengo ya mango ilipobe?"

"Ilipo."

"Muziidutsa."

Ananyamula bokosi paphewa. Atayenda pang'ono anabwerera, anawerama pa Nelsa.

"Iwe, ndakuchititsa manyazi ndine, wamva? Ndinakukweza pa benchi osayang'ana bwino. Anzako akakuseka uwauze kuti enifelimeru ndi wakhungu."

Nelsa sanaseke. Anali atatsitsa dzanja la malaya, ndipo ankalikokera pansi ngati lingatalike kufika pachigongono.

Tinabwerera awiri. Apongozi anati atsala akonze mabenchi, ngakhale mabenchi anali awiri okha. M'njira Nelsa sanayende patsogolo. Anali kumbuyo kwanga, ndipo ndinkamumva akutsokomola momasuka tsopano, aliyense wa m'nyumba za m'mbali mwa njira akumva. Mayi wina anatuluka pakhomo kudzayang'ana. Ndinamupatsa moni, anayankha maso ali pa mwana.

Titafika pa mlatho wa mitengo Nelsa anati, "Amama."

"Nchiyani?"

"Ndinalira?"

"Unalira."

"Kwambiri?"

"Mpaka mawu anatha. Ndinakuyamwitsa, unakana."

Anayenda pang'ono.

"Inu munalira?"

Ndikanatha kunena kuti inde. Mwana akanalandira, ndipo mwina akanandigwira dzanja. Koma ndinali nditanama kokwanira pa mkono umenewo.

"Ayi. Ndinkamvetsera ngati a ku misa akubwera."

Pa mphambano ya kunyumba anaima.

"Mawa ndipite ku eskola?"

"Ayi, mpaka Lachisanu tikamve."

"Adzanditcha Msomali."

"Adzakutcha. Sabata ziwiri, kenako wina adzagwa m'chimbudzi aiwale za iwe."

"Agogo analulutira," anatero, osati kwa ine kwenikweni, n'kukhotera kunyumba.

Ndinamukuwira kuti atulutse mphasa yakale ija aiyanike, ndipo asamupsompsone mng'ono wake. Anakweza dzanja osatembenuka.

A Teodoro anali ku Likoma ndi boti la nkhuni, obwera Lachinayi. Nkhani idzawapeza asanatsike, poti kuno mawu sadikira boti. Ndidzawafotokozeranso ndekha, ndipo adzafunsa za chitini chawo, ndikuwadziwa. Lachitatu kuli msonkhano wa amayi a mpingo, ndipo ndine wosesa m'tchalitchi sabata ino. Ndidzapita. Akafuna kundiyang'ana andiyang'ane ndikusesa.

Kunyanja ndinapeza mbuzi za a Selemane, oyandikana nafe nyumba, zitagwetsa beseni. Zinali zitadya zimene zinafuna n'kupondaponda zotsala mumchenga. Ndinazigenda, ndinaphonya. Boti la birigada linali litafika kale patali, likukwera ndi kutsika pa mafunde a mwera, ndipo m'bokosi lina mmenemo munali malovu a mwana wanga ndi dzina lake lolembedwa bwino.

Ndinatola chinangwa chimene chikanatsukika, ndinachitsuka. Theka linali likadali m'madzi, pansi pa miyala, litafewa kupitirira muyeso. Ndinakwinya nsalu n'kulowanso. Madzi anali atazizira. Ndinagwira mwala woyamba n'kuukankhira pambali.